Mchere Ndimathira Ndekha

Miyezi isanu ndi iwiri tsopano
mchere ndimathira ndekha.
Kale ndinkaitana Sigere kubwalo:
bwera, mwanawe, undithirire mumphikamu.
Ankabwera ndi manja afumbi, osafunsa chifukwa.
Lero waiwala ndi pomwe pamakhala chibekete.

Mkanda wofiira wagona m'sutikesi
pansi pa khadi la kusikelo la wachinayi,
nyanda zanga zochapa, zopinda bwino,
zayamba kununkha nkhungu ya chiperoni.
Mwezi umatuluka kuseri kwa phiri la Mulanje,
umakula, umafa,
osandipatsa ndi moni womwe.

Sizinayambe ndi chete.
Nditabayitsa koyamba ku Muloza
thupi linataya kalendala:
dontho lero, dontho mkuja,
masabata atatu ndikuyanika nsanza kuseri kwa bafa
ngati denga la udzu lodontha mvula italeka.
Kenako zii.

Mutu umandipeza dzuwa likapendeka,
ndili pamzere wa sikelo, dengu la tiyi kumsana,
kapitawo akuitana manambala.
Siketi ya kumvano yakana zipi.
A pamsika wa Limbuli akuti: mukudya bwino masiku ano!
Ndimaseka nawo. Ndiwo ndi zomwe zija,
kholowa ndi bonya wa mulu umodzi.

M'mizere ya tiyi aliyense ndi dokotala.
Anamulewa akuti magaziwo akuundana m'kati,
tsiku lina adzasanduka mwala.
Esinta akuti iye wabayitsa zaka zinayi,
palibe chamuluma.
Apongozi sanena kanthu,
amangoyang'ana dzanja langa likamapita kumchere,
kenako pamimba, kenako kumwamba,
milomo ikuwerenga.

Ndinagula kopimira mimba kobisa m'mpango,
ndalama ya sopo.
M'chimbudzi, m'mamawa, ndi tochi ya foni:
mzere umodzi.
Ndinapuma. Kenako ndinalira pang'ono,
sindikudziwa kuti ndinkalirira chiyani.

Anamwino, mayi Khoromana, sanandiseke.
Anandimanga lamba pamkono, anandikweza pasikelo
monga ndimakwezera masamba anga,
ndipo anati: mayi, palibe chikuundana.
Chiberekero chimayala mphasa mwezi ndi mwezi,
mlendo akapanda kubwera chimayalula.
Jakisoniyu wachiuza kuti chisayale,
ndiye chiyalule chiyani?
Mutu ukapitirira mubwere, musadikire tsiku,
njira si imodzi, tidzasankha ina.
Ndipo mukadzasiya, musadzaziringe,
mwezi umachedwa kupeza njira yobwerera.

Ndinamva. Mutu unamva.
Koma thupi lili ngati nyumba
imene wotchi yake yaima:
mumaphika, mumagona, mumadzuka,
koma maso amapitabe pakhoma.

Bambo a Sigere akuti zili bwino chonchi,
mwezi wathunthu wopanda mpanda.
Sadziwa kuti moto umene akuufunawo
masiku ano umayaka ngati nkhuni za bulugamu wamuwisi.
Sindinawauze. Ndiyambira pati?
Ana anayi pamphasa ziwiri,
wachisanu sindimufuna chaka chino, ngakhale chamawa,
zimenezo ndiye ndikudziwa.
Tsiku lobwerera lalembedwa ndi bolopeni yofiira:
pa 14, Lachiwiri.
Ndipita. Ndikafunsa za njira zina zija.
Mwina ndikabayitsanso. Ndikaonera komweko.

Koma madzulo ano, chifunga chitatsika m'minda,
msana ukuwawa makilo makumi anayi,
ndatsegula sutikesi,
ndakoloweka mkanda wofiira pamsomali wake
pomwe bambo akalowa aziuona.
Masiku anayi aja anali anga,
jakisoni anawatenga osandifunsa,
ndawatenganso.

Sigere! Samba m'manja.
Chibekete chili kuseri kwa ndowa.
Thira pang'ono, mwanawe,
usachulutse.